Phewa Limakumbuka

Dominga, isiye imeneyo.
Ndi ya njati, ndi ya mvuu zolowa mu mpunga wa ku Ndindi.
Chipolopolo chake n'chofanana ndi chala changa chachikulu,
ndipo ikalankhula kutsogolo
kumbuyo imaponda ngati bulu wa pangolo.

Ine ndinayambira gogodela wa bambo,
kuseri kwa Ngabu, chaka chimene thonje linapsa ndi dzuwa.
Anathira onga wa munthu wamkulu
n'kupatsa mwana wa zaka khumi ndi zinayi.
Ndinadzidzimukira chagada paminga ya mthethe,
khutu likulira ngati nyenje,
mbawala itapita kalekale,
amuna akuseka mpaka kugwira nthiti.

Phewa linapola patatha masabata awiri.
Koma mpaka lero, imvi zili mbuu,
chala chikangokhudza kachitsulo
diso langa limatsinzina lokha, osandifunsa.
Nyama zitatu ndinazilasa m'matumbo chifukwa cha diso limeneli.
Imodzi sitinaipeze.
Miimba ndiyo inatiuza kumene inakagona.

Tenga iyi yowonda pakamwayi.
Anyamata a kumpanda wa nyama amaiseka,
ati ndi ya ana asukulu.
Aleke. Chiphaso chili m'thumba mwakocho chalemba nswala imodzi,
sichinalembe njovu.
Nswala safuna bingu,
afuna malo amodzi, kuseri kwa mwendo wakutsogolo,
pamene pangakwane chikhatho chako.
Iyi ikakukankha, ndi ngati mnzako pamzere wa pamjigo
wakuti sendera pang'ono.

Ikumbatire ndithu, usasiye mpata,
mfuti imamenya amene akuithawa.
Tsaya pathabwa. Pukuta thukuta kaye,
kuno mpini womwe umachita thukuta.
Chigubu cha mafuta ophikira chili pachulu paja,
tsinde la mlambe kuseri kwake.
Lero ndi chigubu. Mawa ndi chigubu.
Za nswala tidzakamba mapira akacha.

Tulutsa mpweya theka.
Usakoke, finya,
monga ufinyira sawu pofuna kudziwa ngati lapsa.

Phaa!

Njiwa zabalalika m'migwalangwa,
fumbi latuluka pachulu,
chigubu chagubuduzika mpaka kunjira ya ng'ombe.
Ukuti unaona chikudumpha?
Unaona ndi maso ako, chiboo chikutseguka?

Bwera nacho ndidzachigwire.
Ine sindinaone, mwana wa mlongo wanga.
Ndinali nditatsinzina.