Bowo la Pagalasi

Lolemba a Dokotala Gwatidzo anabweretsa kamnofu m'botolo,
ka pantchafu ya khoswe nambala 14.
Miyezi isanu ndi itatu kawaya kanagona m'menemo,
kopyapyala ngati tsitsi,
ntchito yake kumvetsera basi:
mnofu ukakokana, iko n'kukanena ku kompyuta.

Yanga ndi kucheka.
Ndiumitse nyamayo m'phula, ndisenge tizidutswa
toti nditapuma mwamphamvu tingauluke,
ndinyike mu utoto, ndiyale pagalasi.
Magetsi akathima ndimadikira jenereta,
maso pazenera, majakaranda a ku Mount Pleasant
akuyoyokera pa magalimoto a anthu ena.

Pamakina okuzira zinthu mnofu ndi wofiira, wothinana.
Pakati pali kabowo koyera.
Apo m'pomwe panali mlendo.
Kuzungulira bowolo, mpanda wabuluu.

A Gwatidzo amati masiku oyamba pamakhala chipwirikiti:
magazi, kutupa, maselo achitetezo kuthamangira pabala
kukaluma chitsulo chosalumika.
Akalephera amaphatikana angapo kukhala chimphona,
nachonso chimalephera.
Kenako thupi limasiya ndewu, limayamba kuluka.
Ulusi pamwamba pa ulusi.
Silimlavula mlendoyo, silimmezanso,
limangomumangira kachipinda kopanda khomo.

Pakompyuta ndinaona ndekha.
Mwezi woyamba mizere inali yosongoka ngati mano a sowo.
Wachisanu ndi chitatu inafupika,
ngati munthu akulankhula kuseri kwa chipupa:
ukumva kuti alipo, mawu ena akukudutsa.

Bambo anga anafika mumzinda uno ali mnyamata,
kuchokera ku Ntcheu, ndi sutikesi yamalata.
Anaphika m'makhitchini a ku Highlands.
Mzinda unatupa, unawatcha mayina
omwe sindingawalembe pano.
Kenako unawazolowera.
Zipinda ziwiri ku Mabvuku, mtengo wa mapeyala,
chitupa cholembedwa kuti mlendo
mpaka tsiku lomwe tinawanyamula.
Usiku ankapotokola wailesi, khutu atagunditsa,
waya atamangirira ku msomali wa padenga,
kusaka Blantyre pakati pa phokoso.
Chaka ndi chaka ankati mabatire a masiku ano n'ngachabe.

Ndayeza mpandawo mbali zinayi,
ndalemba manambala m'buku.
A Gwatidzo aweramira, akuti,
"Uyu ndi wabwino, Enelesi. Taona kuseri kwake,
mnofu uli moyo, sunafote.
Ndiponso chipsera chomwechi n'chimene chinagwira waya
kuti asamayendeyende."

Ndavomera ndi mutu.
Ndatsuka mpeni, ndavula magolovesi.
Galasi lija ndaliika m'bokosi pamodzi ndi anzake makumi atatu,
lililonse ndi bowo lake.

Mukombi yopita kwathu kondakitala wandifunsa m'Chishona,
ndamuyankha m'Chishona, chosalala, chopanda msoko.
Chenje ndawerenga chamumtima
m'chilankhulo cha bambo.