Mng'alu wa m'Thabwa

Zaka makumi atatu ndi ziwiri
ndinasanja zilembo zamtovu mozondoka
ku nyumba yosindikizira ya boma.
Inki mpaka lero sinachoke m'zikhadabo.
N'chifukwa chake pa selo ya mzungu uja
ankasamuka kumtunda kwa Mulunguzi,
anthu akulimbirana firiji ndi mipando,
ine ndinagwada pa katoni ya mapepala
n'kuyamba kununkhiza.

Zithunzi zinayi za ku Japani.
Wotsatsa anati ndi makalendala akale.
Ndinatembenuza chimodzi:
utoto unalowerera mpaka kuseri,
ndipo pankaoneka mikwingwirima yozungulira
ya dzanja limene linatikita pepala pathabwa.
Makina satero. Makina ndimawadziwa.
Ndinapereka ndalama ya feteleza.

Nangondo sanandiyankhule mpaka Lachinayi.

Pano zilipo khumi ndi chimodzi.
China anandisiyira namwino wa kwawo komweko
amene anagwira zaka ziwiri pa chipatala chachikulu;
anaseka ataona ndasamba m'manja kawiri ndisanachigwire.
China anatumiza mwana wanga kuchokera ku Joni,
chonyezimira, chodula,
koma galasi langa linapeza timadontho ta makina.
Ndinamuthokoza. Sadziwa.
Chili m'bokosi limodzi ndi zinzake.

Bokosilo anakhoma Che Mdoka a ku Chinamwali,
la mkungudza, kuti njenjete zinyansidwe.
Koma Zomba si malo osungira pepala.
Kuli nkhungu yotsika m'phiri m'mawa,
kuli nkhungu inzake yomera m'mphepete mwa chithunzi,
ndipo chiswe sichifunsa
kuti chinthu chawoloka nyanja zingati.

Chimene ndimachikonda n'cha mayi wosenza nkhuni
akutsetsereka njira ya m'phiri mvula ikugwa,
khosi lili nji, phazi likufufuza mwala,
monga amayi otsika ku Chawe Loweruka
ndi mitolo yotalika kuposa iwo eni.
Zilembo za pambali sinditha kuwerenga.
Chimene ndimawerenga ndi mpeni.
Mvula imeneyi palibe anailemba:
munthu anakhala pansi ndi thabwa
n'kusema, kuchotsa chilichonse chimene sichinali mvula,
mpaka madontho anatsala chiimire,
opyapyala ngati ulusi wa makina osokera.
Dzina lake silili pachithunzi.
Langanso silinalembedwepo pa gazeti iliyonse
imene ndinasanja.

Chithunzi chomwecho ndinachipezanso kachiwiri
m'sitolo ya zakale ku Limbe,
ndipo ndinabwera nacho pa minibasi
nditachikumbatira m'kati mwa jekete.
Nangondo anapukuta manja pachitenje.
Mwagula mkazi yemweyo kawiri?
Anaziyala pa tebulo la makina ake,
nayang'ana ndi maso aja olowetsera ulusi pa singano.
Ayi, anatero, uyu ndi wamkulu.
Taonani paphewa.

Ndinatenga galasi.
Mzere wa phewa unali utaduka,
kampata koyera, kochepa ngati njere ya therere,
ndi kamng'alu kotsika kudutsa m'mvula mpaka kuchigongono.
Thabwa linali litatopa.
Pakati pa mapepala awiriwa
panadutsa mazana a mapepala ena, mwina zaka,
mayiyo akusenzabe mtolo womwewo
m'chipinda cha munthu amene sitidzamudziwa.

Ine wa zaka makumi atatu ndi ziwiri m'ntchito
sindinauone.

Nangondo tinamuika chaka chatha, chimanga chikumasula.
Adzukulu akabwera amafunsa mtengo wake,
ndi mafoni m'manja, okonzeka kufufuza.
Ndimawauza kuti asambe kaye.

Masiku a dzuwa ndimatsegula bokosi kuti lipume.
Ndimayala awiriwo moyandikana,
wamng'ono kumanzere, wamkulu kumanja,
kutali ndi zenera.
Maso anga tsopano saupeza mng'alu uja
ngakhale ndi galasi.
Ndimangoloza pamene analoza,
chala chili m'mwamba pang'ono,
osakhudza.