Wosunga Mbewu wa ku Hanley

Ndatsika basi yoyamba, mvula ya Hanley ili m'khosi mwa jekete,
manja akununkha sopo wa kunyumba ya okalamba.
Pansi pa tebulo kompyuta yanga yakale ikupuma ngati wachifuwa,
kanyali kake kobiriwira sikanagone.
Mita ya magetsi yati kwatsala mapaundi awiri ndi timakobidi.

Sindinaiwale momwe ndinafikira pakati pa anthu awa,
osadziwana nkhope, ogawana mafayilo:
makaseti a makwaya ojambulidwa pa maukwati,
maulaliki a pamaliro, phokoso la misika imene inagwetsedwa kale.
Ndinalowa ndi matope kuphazi, osaodira:
"Ndipatseni kwaya ya ku Nsipe ya chaka cha chilala, msanga!"
Masiku atatu, zii.
Kenako wina wodzitcha Chiswambiya,
kaya wa ku Dundee kaya wa ku Swindon,
anandiponyera mawu anayi okha:
"Fufuza kaye. Ukapeza, ugawireko."

Ndinapsa mtima. Ndinazimitsa. Ndinayatsanso.
Kwathu amati safunsa anadya phula;
kuno wofunsa asanafufuze amadya chete.
Sabata yathunthu ndinadziphunzitsa ndekha, maso ali psuu,
kuti wina m'chikondi chake analemba Sipe m'malo mwa Nsipe,
kuti khomo la rauta silimva kukuwa,
limatseguka kwa wowerenga mpaka mzere womaliza.
Ndinaipeza. Inatsika ngati dontho la denga lothonya,
ndipo pa nyimbo yachitatu, kumbuyo kwa azimayi,
bambo anga a Sandalamu anatsokomola
asanatulutse besi yawo.
Ndinabwereza chifuwacho kasanu ndi kawiri.

Chiyambire pamenepo sindizimitsa.
Chimene ndatenga ndimachisiya chotsegula,
ndimakonza maina opindika, ndimalemba chaka pamene ndikuchidziwa,
pamene sindikudziwa ndimalemba kuti sindikudziwa.
Tinali osunga mbewu khumi ndi anayi pa kwaya imeneyi.
Ena anasamuka, ena makina anawafera.
Chiswambiya anazima m'chisanu chathachi osatsanzika.
Nambala inatsika mpaka kuima pa ine.

Lero wabwera Tiyese, ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha,
akulamula ngati ine ndi wantchito wa amalume ake.
Zala zanga zalemba zokha mawu anayi aja.
Wandiyankha ndi mwano umene sindingaubwereze.
Koma madzulo ano ndamuona pamzere:
wadzipezera yekha, Sipe yemweyo,
akukoka pang'onopang'ono, netiweki yake ikutsimphina,
wafika pa makumi asanu ndi anayi ndi zitatu.

Mapaundi awiri sakwanira hita ndi kompyuta pamodzi.
Shopu ya a Pritchard yolipirako magetsi itsegula mawa.
Ndayang'ana pazenera mauvuni akale a mbiya,
akuda, ozizira, amene moto wake palibe anaulandira,
ndipo ndazimitsa hita.
Ndavala masokosi awiriawiri, ndafunda jekete yonyowa ija.
Kupatsa n'kuika, amatero,
koma sananene kuti kumazizira chonchi.

Pakati pa usiku wamaliza.
Zikomo palibe. Dzina lake lazimiririka
ngati munthu wotunga madzi n'kusiya mjigo ukulira.
Ndatukwana m'Chichewa cha ku Ntcheu, khoma lamva lokha.

Lachinayi, pobwera ku shifiti ina,
gogo wina atandilavulira phala pa yunifolomu,
ndawerama kuona kanyali kanga.
Pamene panali mmodzi palembedwa awiri.
Kaya ndi Tiyese wachita manyazi,
kaya ndi Chiswambiya wagula makina ena,
kuno sitifunsana zimenezo.
Ndathira madzi m'ketulo.
Kwinakwake, m'chipinda chimene sindidzalowamo,
bambo anga akutsokomola.