Wopala Dzimbiri

Malume anga a Zakeyu Namakhula
anabwerera ku Muloza ndi sutikesi imodzi,
zikhatho zokakala ngati khungwa la mbawa,
ndi chitini cha penti wofiira
chimene anakangana nacho pachipata mpaka anawasiyira.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ku Kelimane.
Ife kusukulu tinkanyada kuti ndi kaputeni.
Iwo anaseka mpaka kutsokomola.
Kaputeni ndani? Ine ndinali wopala dzimbiri.
Sitima yathu sinkanyamula anthu, sinkanyamula shuga,
inkangozonda maboya,
migolo yachitsulo yoyandama pomwe mtsinje umathira m'nyanja yamchere,
uliwonse womangidwa unyolo ngati mbuzi ya mwini wankhanza,
uliwonse ndi kanyali kake pamutu.

Ankati boya ukalikweza m'sitima limanunkha ngati manda a nsomba.
Umapala nkhono zomatirira,
umapukuta zitosi za mbalame pagalasi,
umapapasa unyolo mfundo ndi mfundo
kufuna pomwe mchere wadya.
Ukatero penti, batire latsopano,
n'kulibwezera pamalo pake penipeni,
osati pafupi.
Pafupi ndi pomwe pali mchenga.

Kunalinso nsanja ya nyali,
masitepe zana limodzi ndi anayi, anawawerenga atasenza mafuta.
Mlonda wake, Amade, sankafunsa za malipiro.
Ankafunsa fodya, ndi kuti kumtunda mvula yagwa kodi.

Ndinawafunsa tsiku lina ndikuchokera kothyola tiyi,
dengu lisanatsike kumsana:
munapulumutsapo anthu angati?
Sindikudziwa, Esinta.
Ntchito ija ikayenda bwino sipachitika kanthu.
Sitima imadutsa usiku, anthu ali m'tulo,
m'mawa amatsika n'kumadandaula za nsikidzi.

Kuno kulibe nyanja.
Kuli phiri, ndi chiperoni chimene chimalimeza
mpaka munthu osaona phazi lake.
Kuli doko la kumunsi kwa dimba lathu
pomwe anyamata a njinga amawoloka usiku
ndi matumba a chimanga cha ku Milanje.
Malume anakhala pamtunda masiku atatu akungoyang'ana madzi.
Lachinayi anapinda buluku.

Miyala isanu ndi iwiri anaipaka wofiira, mbali yakuya.
Wobiriwira analibe, choncho mbali inayo anapaka laimu.
Pamtengo wa mkuyu anapachika nyali ya galasi losweka.
Anthu anati nyanja inawazunguza mutu.
Amayi anati parafini sagulidwa ndi nthano.

Mvula iliyonse mtsinje unkasuntha miyala,
iwo n'kuibwezera,
akung'ung'udza Chipwitikizi chimene sitinkamva.
M'kabuku ka sukulu ankalemba ndi pensulo:
Wachitatu wasuntha mapazi awiri. Ndakonza.
Wachisanu penti wayamba kusupuka.
Nyali inazima cha m'ma folo. Mphepo.

Anamwalira mu Juni, chiperoni chili tsiku lachisanu.
Pamaliro panabwera anthu a mpingo ndi achibale.
A njinga sanabwere.
Sankadziwa n'komwe dzina lawo.

Disembala uno madzi atatsika
mnyamata wina anaima pakhomo, wonyowa mpaka m'chiuno,
thumba lake likudontha.
Sanapereke moni.
Anati, kodi aboma amene amapenta miyala aja
anasiya ntchito?

Ndinamuuza kuti ndiwauza.

Chitini ndinachipeza kuseri kwa nkhokwe,
chivundikiro chitamatirira, ndinachitsegula ndi mpeni.
Penti watsala wokwana zala ziwiri, pamwamba pake pali chikhungu.
Burashi inauma gwa, ndaiviika m'parafini wa amayi.
Kabuku kali m'thumba la diresi langa.
Tsamba lomaliza likuti wachiwiri akufunika kuonedwa,
ndipo ine sindikudziwa kuti amawerenga kuyambira tsidya liti.