Zima

Usiku ndimalonda mosungira matayala pa msewu wa Lumumba.
Mnzanga wa m'kalasi ndi galu wa pano.
Ndimamuloza n'kunena kuti pies.
Iye amangoyasamula.

Bandulo ya makwacha khumi imatha
ndisanafike phunziro lachitatu,
ndiye mawu ndimakopera kuseri kwa malisiti akale,
mwina mafuta a injini n'kudontherapo,
mawa lake osawerengeka.

Anthu a ku Polandi anayambana chiyani ndi mavawelo?
Zilembo zimangopanikizana
ngati m'basi ya ku Kanyama dzuwa likamalowa,
palibe wofuna kutsika.
Szczęście. Akuti n'chimwemwe.
Chimwemwe chofuna mano onse m'kamwa,
ine am'tsogolo awiri anatsala kwa dokotala ku Chawama.

Mphaka ndi kot. Ndinakondwa, kafupi.
Tsamba lotsatira wasanduka kota, kenako kotu, kenako kotem,
mphaka yemweyo,
kusintha dzina pakhomo lililonse ngati wothawa ngongole.

A Njobvu, amene amandilandira m'mawa,
anandipeza milomo ili tsotsotso pawindo la kanyumba ka alonda.
Anati, mdala, mwayamba malilime?
Pa msinkhu wanuwu, Chipolishi mukagula nacho chiyani ku Soweto?

Sindinawauze za Tikambenji,
amene anapita ku Lublin kukaphunzira unamwino
n'kukhazikika komweko,
kapena za Zosia wa zaka zinayi,
mphumi ya malemu mkazi wanga yeniyeni.
Lamlungu pa foni kamandiuza nkhani yaitali,
manja m'mwamba, maso tong'o,
mayi ake n'kumasulira m'mawu atatu okha.
Zinazo zimagwera panjira
ngati makala m'thumba lobooka.
Ndikufuna zogwazo.

Tsiku lina ndinapeza tata.
Ndinaimirira pampando.
Nawonso atate awo amawaitana pafupifupi ngati ife!
Ndinauza galu. Anagwedeza mchira, mwina chifukwa cha fupa.

Ndiye zima.
Kwa iwo ndi nyengo yozizira, madzi akamauma gwa m'misewu.
Ndikulemba liwulo, mu Juni, bulangeti kumapewa,
magetsi a Lumumba yense anangoti phi.
Ndinanena mokweza mumdimamo: zima.
Kwa nthawi yoyamba ndinakhoza m'zilankhulo ziwiri
ndi mpweya umodzi.

Masabata atatu ndinasula chiganizo chimodzi,
popita, pobwera, podikira basi pa City Market:
jestem twoim dziadkiem,
ndine agogo ako.

Lamlungu ndinavala shati yoyera, ndinachinena.
Kanandiyang'ana. Kanapukusa mutu.
Kanabwereza liwu lomaliza pang'onopang'ono,
kamwa yasa, kuti ndione pamene lilime limakhala.
Ndinayesa. Nie.
Ndinayesanso. Nie, nie,
chala m'mwamba ngati hedimasitala.
Kachinayi kanayamba kumwetulira,
foni n'kuzima.

Sindikudziwa ngati ndinakhoza.
Lisiti ili m'thumba la yunifomu,
ndipo galu wamva liwulo kokwana makumi anayi usiku uno.