Bedi Nambala Sikisi, Usiku Wachitatu

Teni koloko. Maminibasi a ku Chilenje atha mumsewu,
kwatsala agalu ndi jenereta yotsokomola kuseri kwa wodi.
Ndatsitsa kumutu kwa bedi
kuti a Msoni agone chagada, myaa.

Anabwera Lolemba atapindika,
matumbo atapotana ngati payipi yothirira dimba.
Adokotala anadula powola, nalumikiza, nasoka.
Achibale pakhonde anawomba m'manja, ati zatha.
Ife tinangoyang'anana.
Mimba yosokedwa ndi nyumba yotseka zitseko:
za m'katimo umazisuzumira pabowo la kiyi.

Bowo langa ndi kachubu ka mkodzo.
Ndathiramo timadzi ta mchere, timasipuni tisanu,
ndaimika chubu pambali pa rula,
ziro molunjika fupa la m'chiuno,
ndadikira atulutse mpweya.
Madzi akwera, anjenjemera, aima.
Khumi ndi zinayi.

Ndalemba.
Chikhatho sindichikhulupiriranso;
ndinagwirapo mimba yofewa ya mtsikana wa ku Kanyama
n'kupita kukamwa tiyi.

Thu koloko: khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Mkodzo m'thumba wachepa, wada ngati tiyi wogona.
Ndawerengera kuseri kwa golovesi:
mphamvu ya magazi, kuchotsapo kupanikiza kwa mimba,
chotsalacho ndiye phoso la matumbo.
Samu ya giredi folo,
koma cholembera chikuterera ndi thukuta.
Lole ikaponda payipi ya madzi
mipopi ya kumapeto kwa komboni ndiyo iyamba kuuma.
Impso zayamba kale kudandaula.
Matumbo sanena, amangoda phee.

Ndadzutsa Dokotala Hamoonga.
Abwera chipsera cha pilo chili patsaya.
Kachubu pamphuno, tsikirani nako bambo, mezani, mezaninso,
ndipo zobiriwira zasefukira m'botolo, lita ndi theka.
Dilipi tachepetsa. Ululu taupha.
"Ikadutsa makumi awiri, tikamasula ulusi ku fiyeta."
Anena ali chiimire, maso pa rula, osati pa ine.

Pakhonde Mai Tisauke akhala pa katoni,
chitenje mpaka m'makutu.
Amagulitsa anyezi ku Soweto,
moyo wonse akhala akupempherera nambala kuti zikwere.
Sabata ino aphunzira pemphero lina.
"Sisita, yati bwanji?"
"Tikuyang'anira, amai."
"Sindinafunse zimenezo."
Ndawauza. Awerenga pa zala, zala zawathera.

Folo koloko sindinayenera kuyeza. Ndayeza.
Khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Sikisi koloko, khwangwala ali pa thanki ya madzi,
wosesa akukoka ndowa yake yolira.
Khumi ndi zitatu.
Mkodzo wayamba kudontha, dontho, dontho, woyererako.
Ndaika chomvera pamimba:
kutali, ngati bingu la ku Kafue losadziwika ngati lifika,
kulira kumodzi.

Ndiye Mai Tisauke atangolowa ndi beseni,
a Msoni, maso ali chitsinzire,
aphwisa.
Osati pang'ono.

Mayiwo aika beseni pansi,
agwira pakamwa, misozi mbwee.
"Zaka makumi atatu ndi chimodzi
ndakhala ndikuwathamangitsa m'bulangete chifukwa cha zomwezi.
Bwerezani, atate ake Dalitsani. Bwerezani amve onse."

Ndalemba nthawi yake m'faelo, ngati nthawi yobadwa mwana.
Kwa mnzanga wa m'mawa ndasiya rula ndi mawu:
usawakhulupirire msanga,
teni koloko uyezenso.