Mainchi Anayi

M'galaja ku Cedar Rapids, m'Januwale,
chipale chofewa chatseka khomo mpaka m'mawondo.
Nova ya atate yakwera pa majeke anayi, yopanda matayala,
ekiselo yakumbuyo yagona pansi ngati fupa la ng'ombe.

Ndagwada ndi choko.
Mikono iwiri yam'munsi ilibe mlandu,
imatsata chesisi, yaitali, yomvera.
Yovuta ndi iwiri yam'mwambayi.
Masamu akuti ikhale mainchi khumi, asanu ndi atatu,
kuti mizere yake, ndikaitalikitsa pasimenti,
ikakumane kutsogolo, chapafupi ndi giyabokosi,
pamalo osaoneka pomwe galimoto imasenzera thupi lake.
Koma mainchi amenewo akuboola pansi,
akutulukira ndendende pampando wakumbuyo.

Duane Hruska anabwera Loweruka, khofi ali m'manja,
anasuzumira, nati: Zula mpandowo, Lorna,
amakhalapo ndani? Aliyense amadula.

Sindinamuyankhe.
Chiwagwirireni sitiroko, atate sakhudzanso chiwongolero.
Kutsogolo amakana, akuti phazi la wina pa kilatchi
limawaponda mumtima.
Amakhala kumbuyo, chakumanja, mwendo wakufawo atautambasula,
chipewa cha kampani ya mbewu chili pabondo.
Pomwepo m'pamene ndinkagona ine ndili mwana,
tsaya litamatira pachikopa chofunda,
tikuchokera ku Decorah usiku.

Ndiye ndafufuta ndi chikhatho, ndayambiranso.
Ndadula mikono ya katoni, ndaikhomera pathabwa ndi misomali,
ndikukweza ekiselo ya pepala, ndikuitsitsa.
Ndikafupikitsa kwambiri, mphuno ya difu imangogwedera
ngati mbuzi yokana chingwe,
ndipo shafti idzalira ikadzafika pamsewu waukulu.
Ndachotsa mainchi anayi basi.
Bulaketi ndaitsitsa ndi chala chimodzi.
Mikonoyo ndaipendeketsa, ikumane pamwamba pa difu
ngati nsonga ya muvi,
igwire ekiselo isathawire m'mbali.

Sizili bwino kwenikweni, ndikudziwa.
Getsi likadzasanduka lobiriwira, matayala adzaterereka pang'ono,
Duane adzandipitirira mano ali pamtunda.

Dzulo ndinabwezera mpando m'malo mwake, pongoyesa,
ndinakawatenga atate ndi ndodo yawo.
Anakhala. Anapisa dzanja lamoyolo kunsi kwa khushoni,
kufunafuna chotupa cha chitsulo.
Anafufuza nthawi yaitali.
Sanachipeze.

Wotcherera, anatero, lilime likuwalemera,
koma uyambe wayezanso.